MUNTHU AKATULUKA M'NDENDE AMLANDIRA NDANI?

Nkhani imene inakambidwa pa wailesi kwa alimi ndi mafumu

 Madzulo ano sitikamba za mbeu kapena za mitengo ya fodya ai. Tikamba za munthu uja anachoka m'mudzi mwanu ali mu unyolo, amene tsiku lina, inu muli kuchokera kumunda khasu liri paphewa, mudzamuona ali kutsika basi, kathumba kache kali m'manja. Pafupi-fupi mkaidi ali yense amene ali ku Zomba, ku Chichiri, ku Maula kapena ku Mzuzu adzatuluka ndithu, pakuti zaka zimene woweruza anachula zimatha. Boma limangotsegula chitseko, koma omlandira kunja ndinu. Tsono ndati ndikuuzeni m'mene anthu a dziko la Japan amachitira pa nkhani yomweyi, chifukwa njira yao yakhala zaka zoposa 130, ndipo yatsamira pa anthu onga inu nomwe, osati pa apolisi.

Chiyambi chache ndi imfa ya munthu mmodzi. M'chigawo cha Shizuoka munali mkaidi wobvuta kwambiri, amene anali atalowa ndi kutuluka m'ndende kambiri-mbiri. Wachiwiri kwa mkulu wa ndendeyo, dzina lache Kawamura Kyoichiro, anamlangiza mosatopa kufikira munthuyo anatembenuka mtima, ndipo tsiku lotuluka analonjeza kuti sadzalakwanso. Atafika kwao anapeza mkazi wache atakwatiwa ndi mwamuna wina. Anapita kwa abale ache kukapempha pogona, iwo anampitikitsa. Anapita ku polisi kuti agoneko usiku umodzi wokha, apolisi anati ife sitisunga munthu wosalakwa. Chikhala kale akadangoba kanthu kuti amtsekere, apeze pogona ndi chakudya. Koma pokumbukira lonjezo lache lija, analembera kalata Kawamura, nadziponya m'dziwe, nafa.

Kawamura anakauza nkhaniyi mnzache Kinpara Meizen, munthu wachuma amene alimi a kumeneko amamkumbukirabe. Mtsinje wa Tenryu unali kusefukira chaka ndi chaka ndi kukokolola minda ya anthu, ndipo Kinpara anataya chuma chache pomanga makoma a dothi m'mbali mwa mtsinjewo ndi kubzala mitengo m'mapiri momwe madzi anali kuchokera. Munthu ameneyu atamva za mkaidi uja anaona kuti malangizo a m'ndende ali chabe ngati kunja kulibe womlandira munthuyo. M'chaka cha 1888 awiriwa anayambitsa bungwe lothandiza otuluka m'ndende. Anakonza nyumba yofikiramo amene alibe kolowera, anawafunira nchito, ndiponso anasankha anthu pafupi-fupi 1,700 m'midzi ya chigawo chonsecho kuti aziwayang'anira ndi kuwalangiza.

Kwathu kuno timati madzi saiwala khwawa, ndipo mau amenewa ndawamva kawiri-kawiri ali kunenera munthu wochokera ku ndende. Nzoona. Koma inu amene munakumbapo ngalande kumtunda kwa munda mudziwa kuti madzi amatsata khwawa lakale ngati simunawakonzere njira yina. Sindidabwa kuti amene anayamba nchito iyi ndi munthu wodziwa makhalidwe a mtsinje.

M'chaka cha 1950 Boma la Japan linaika lamulo lokhazikitsa nchitoyi m'dziko lonse. Anthu oigwira amachedwa hogoshi. M'chinenero chathu ndiona kuti dzina lowayenera ndi phungu, osati phungu wa ku Nyumba ya Malamulo, koma uja wa ku chinamwali, amene amakhala pambali pa namwali, namuuza pamene waphonya, namnenera pamaso pa akulu. Lamulo lilola kuti aphunguwa afike 52,500, ndipo zaka zapitazi akhala ali pakati pa 46,000 ndi 48,000. Maofesala a Boma olipidwa amene agwira nchito yoyang'anira olakwa kunja kwa ndende ali ngati 1,000 okha. Muone tsono kumene kuli kulemera kwa katunduyu.

Phungu salandira malipiro. Boma limangombwezera ndalama zimene waononga, monga za ulendo. Amsankha ndi Nduna ya Zachilungamo, atamchula anthu a m'dera lache, ndipo lamulo la 1950 linafuna zinthu zinai: akhale munthu amene anzache amamkhulupirira, akhale ndi mtima ndi nthawi ya nchitoyo, akhale wokhazikika pa moyo wache, ndipo akhale wa thanzi. Za sukulu yapamwamba palibepo. Pakati pao pali alimi, asodzi, eni masitolo, akulu a chipembedzo, aphunzitsi opuma, ndipo mmodzi mwa anai ndi mai.

Nchito ya phungu imayamba munthu asanatuluke, ndipo apa ndifuna mumvetse bwino. Mkaidi akachula kumene afuna kukakhala akatuluka, phungu wa dera limenelo amapita kunyumbako. Amakakhala pansi ndi makolo, kapena mkazi, kapena mbale, nafunsa: kodi mudzamlandira? Adzagona pati? Adzadya chiani? Nchito iripo? Nanga anzache aja anamlowetsa m'mabvuto akali pompano? Ngati abale akana, iye sakalipa ai, amapitako kachiwiri ndi kachitatu. Nthawi zina amalembera kalata mkaidiyo kapena kukamuona kumene. Zimene wapeza amazitumiza ku Boma, ndipo akulu amene amaweruza ngati mkaidi angamasulidwe masiku ache asanathe amaziwerenga. Kotero munthuyo pofika kwao nkhani yache imakhala itakambidwa kale, mkwiyo utayamba kuzirala, mphasa itayalidwa.

Akatuluka, amaonana ndi phungu wache kawiri kapena katatu pa mwezi. Mwambo wache kuyambira kale ndi wakuti munthuyo amadza ku nyumba ya phungu, nalowa pa khomo monga mlendo wina ali yense, napatsidwa tii. Kwa ife ichi chingaoneke chaching'ono, koma taganizani munthu amene zaka zisanu wakhala ali kuitanidwa ndi nambala, lero akuti lowani, khalani apa. Nthawi yina phungu ndiye amapita kunyumba kwa munthuyo kuti akaone ndi maso m'mene ali kukhalira. Amakamba za nchito, za ngongole, za mowa, za kukangana kwa m'banja. Kwambiri phungu amangomvetsera. Mwezi ukatha amalemba kalata kwa ofesala wa Boma. Iye mwini samanga munthu, koma ngati munthuyo aswa malamulo amene anampatsa pomasulidwa, kapena wasowa osalawira, phungu sabisa, ndipo Boma likhoza kumbwezera ku ndende. Munthuyo amazidziwa izi kuyambira tsiku loyamba. Chinanso, phungu ali ndi lamulo losunga chinsinsi. Zimene wamva m'nyumba mwache sakazikamba pa chitsime kapena pa mowa.

Mwina mufunsa kuti, kodi zimathandiza? Boma la Japan limawerenga chaka ndi chaka anthu amene abwerera ku ndende. Mwa akaidi amene anatuluka m'chaka cha 2019, amene anamasulidwa msanga nakhala m'manja mwa aphungu, pafupi-fupi 10 mwa 100 ali onse anali atabwerera ku ndende pofika kumapeto kwa chaka chotsatira. Mwa amene anatsiriza masiku ao onse natuluka opanda wowayang'anira, anabwerera oposa 20 mwa 100 ali onse. Ndisakunamizeni, kusiyana kumeneku si kwa aphungu okha, pakuti amene amamasulidwa msanga ndi omwe anali ndi khalidwe labwino m'ndende ndiponso ali ndi kofikira. Komabe mau akuti "ali ndi kofikira" ndiwo mutu wa nkhani yathu yonse.

Pali chiwerengero china chimene chinatsegula maso a Boma limenelo. Atafufuza milandu ya zaka zambiri anapeza kuti anthu olakwa mobwereza anali ngati atatu mwa olakwa 10 ali onse, koma atatuwo ndiwo anapalamula milandu pafupi-fupi 6 mwa 10. Inu mafumu muchidziwa ichi popanda buku. Pa bwalo panu maina amene amabwera-bwera ndi omwe-omwewo. Munthu mmodzi wotere akaleka, nkhuku ndi mbuzi zambiri zapulumuka. Chifukwa chache m'chaka cha 2016 anaikanso lamulo lina lakuti maboma a m'zigawo ndi m'mizinda nawonso agwire nchito yoletsa anthu kubwerera ku ndende.

Tsopano za nchito ya manja. Mwa anthu amene alowanso m'ndende ku Japan, pafupi-fupi 7 mwa 10 anali opanda nchito pamene anapalamula. Malangizo sakhutitsa mimba. Ndiye phungu wanzeru amayenda kwa olemba nchito kukanenera munthu wache. Kumeneko kuli olemba nchito pafupi-fupi 25,000, ambiri a iwo omanga nyumba ndi miseu, amene analembetsa ku Boma kuti ali okonzeka kulandira munthu wochokera ku ndende, ali kudziwa mbiri yache. Kunena zoona, amene ali ndi munthu wotere pa nchito pa nthawi imodzi ndi ochepa poyerekeza ndi amene analembetsa, chifukwa kubvomera pakamwa nkosabvuta. Kuli nyumba zoposa 100 zofikiramo amene abale ao awakana. Ndipo alimi mumve ichi: m'chaka cha 2007 Boma linatsegula malo ku Numata, pa chisumbu cha Hokkaido, ophunzitsirako ulimi anyamata otuluka ku nyumba zolangira ana, ndipo mu 2009 linatsegula ena ku Ibaraki a amuna akulu-akulu. Munda suyang'ana mbiri ya woulima.

Obvuta koposa onse ndi amene anali m'magulu a zigawenga. Ku Japan magulu otere amachedwa yakuza. Ali ndi atsogoleri ao, malamulo ao, ndipo mnyamata wolowamo amamuyesa mtsogoleriyo atate wache. Ambiri amalemba mphini thupi lonse, ndipo wolakwira gulu amadula nsonga ya chala chache chaching'ono kuti apepese. M'chaka cha 1963 anthu a m'magulu amenewa anali oposa 180,000. Boma linawathina ndi lamulo limene linayamba kugwira nchito mu 1992, ndipo pofika 2011 zigawo zonse zinali ndi malamulo oletsa anthu kuchita nao malonda. Mu 2024 anatsala osakwana 20,000. Koma malamulo omwewo anabala bvuto lina. Munthu amene wachoka m'gulu amamuyesabe wa m'gulu kwa zaka 5, kotero kuti kutsegula buku ku banki, kupeza nyumba ya lendi, ngakhale kulembetsa lamya, zimambvuta. Wolemba nchito akaona chala chodukacho amabweza mau. Alipo amene amagula zala zopanga kuti abise chilemacho.

Taonani tsono m'mene munthu wotere aliri. Gulu lija linali kumpatsa chakudya, pogona, anzache ocheza nao, ndi munthu womuitana mwana wanga. Mukamuuza kuti choka m'gulu, mwamlanda zonsezi tsiku limodzi. Mukapanda kuika kanthu m'malo mwache, anzache akale ndiwo okha amene adzamlonjera ndi chimwemwe, ndipo iwo sachedwa, amamdikira pa chipata cha ndende penipeni. Nchito ya phungu apa ndi kufika msanga kuposa iwo, ndi kukhalapo tsiku limene munthuyo wakanidwa nchito kachitatu, mtima uli kumuuza kuti bwerera.

Sindifuna kuti muganize kuti nchitoyi iribe minga. M'mwezi wa May chaka cha 2024, mu mzinda wa Otsu, phungu wina anaphedwa m'nyumba mwache, ndipo amene anamangidwa pa mlanduwo anali munthu yemwe iye anali kumuyang'anira. Chinthu chotere chinali chisanachitike kuyambira 1964, koma chinagwedeza dziko lonse, ndipo akazi ndi ana a aphungu ambiri anachita mantha. Kuchokera pamenepo Boma linalimbikitsa kuti azikomana m'nyumba za msonkhano m'malo mwa kunyumba, ndi kuti pa munthu wobvuta aphungu azikhala awiri. Bvuto lina ndi ukalamba. Ambiri a aphunguwa ali ndi zaka zoposa 60, ndipo achinyamata olowa m'malo mwao ali kuchepa, pakuti moyo wa m'mizinda sudziwitsa munthu ngakhale dzina la mnansi wache. Ngakhale ziri tero, maiko ena atengerako nzeruyi, ndipo mu Africa muno dziko la Kenya liri nao anthu odzipereka otere m'midzi.

Tsopano tibwere kwathu. Ena a inu mafumu nchito iyi munaigwirapo kale osadziwa kuti iri ndi dzina. M'chaka cha 2007 Bwalo Lalikulu la Malawi linagamula kuti si bwino kuti ali yense wopezeka ndi mlandu wakupha azingoweruzidwa kuti aphedwe popanda kumva zifukwa zochepetsera chilango. Kuyambira 2015 milandu ya akaidi otere inamvedwanso, ndipo oposa 100 anamasulidwa, ena atakhala m'ndende zaka zoposa 15. Milanduyo isanalowe m'bwalo, alangizi a za malamulo anayenda m'midzi kukafunsa mafumu ndi abale za mbiri ya munthu ali yense, ndi ngati mudzi ungamlandire. Mau a nyakwawa anafika pamaso pa woweruza. Ulendo umenewo ndi womwe uja phungu wa ku Japan amayenda munthu asanatuluke.

Mfumu iri ndi chinthu chimene phungu wa ku Japan alibe, ndicho mau pa nkhani ya malo. Munthu akapita ku ndende, munda wache sukhala tsala nthawi yaitali. Mlamu kapena mphwache amaulowa, zaka zimapita, ndipo mwini akabwera amamuuza kuti unali kuti. Milandu yambiri yachiwiri imabadwira pamenepa. Mukamva kuti uje watsala pang'ono kutuluka, itanani mwini mbumba ndi abale, nkhani ya munda ndi ya nyumba ithe iye asanafike. Ngati mkazi wache anakwatiwa kwina, ankhoswe akambe za ana msanga, ndipo munthuyo auzidwe akali m'ndende, asadzazione ndi maso pa khomo.

Yang'ananinso mwezi umene watulukira. Wotuluka mu May apeza nkhokwe ziri zodzaza ndi ganyu wokolola. Wotuluka mu January kapena February apeza njala, mbeu zitabzalidwa kale, ndipo alibe chache m'munda kufikira chaka chinacho. Ameneyu ndiye ali pa ngozi, ndipo chimanga chachiwisi cha anansi chiri pa ngozi pamodzi naye. Kadimba, mbeu pang'ono za kubwereka, khasu, ndi mlimi mmodzi wobvomera kumpatsa ganyu, zingamuolotse miyezi imeneyo. Ambiri amatuluka atadziwa ukalipentala, kusoka, kuumba njerwa kapena kulima ndiwo zamasamba, pakuti ndende zathu zina ziri ndi minda ndi malo ophunzitsira nchito. Mfunseni chimene waphunzira. Denga la sukulu likafuna kukonza, muyeseni.

Musaiwale olakwiridwa. Ichi ndichinena ndi mphamvu, chifukwa alipo amene pofuna kuchitira chifundo wolakwa amaponda pa bala la wolakwiridwa. Banja limene linabedwa ng'ombe, kapena linaika maliro chifukwa cha munthuyu, lisamve kwa ana a pa njira kuti wabwera. Mfumu ipiteko yokha, iwauze, imve mau ao. Musawakakamize kukhululuka pa tsiku limene mwasankha inu. Ndipo ngati mlandu unali wogwirira mwana kapena mkazi, wolakwiridwayo ali m'mudzi momwemo, kawiri-kawiri nkwabwino kuti munthuyo akakhale kwa abale ena kutali, ndipo apolisi ndi a ofesi yosamalira anthu adziwe.

Za phungu, sankhani munthu wofatsa, wosamwa mwauchidakwa, wosunga pakamwa, amene wotulukayo angamchitire ulemu. Asakhale mfumu yomwe, pakuti mfumu idzafunika kuweruza ngati pabuka mlandu, ndipo munthu sangaulule zakukhosi kwa amene mawa adzamuweruza. Asakhalenso amene ali naye mangawa. Mkulu wa mpingo kapena wa mzikiti, mphunzitsi wopuma, mai wachikulire ngati wotulukayo ndi mkazi, onsewa akhoza. Aonane pa masiku odziwika, osati pokha-pokha zinthu zikabvuta. Ngati munthuyo ali waukali, kapena mutu wache suyenda bwino, kapena amasuta chamba, aphungu akhale awiri, akomane poyera masana, ndipo apite naye ku chipatala.

Tsiku lidzafika limene mbuzi idzasowa m'mudzi, ndipo maso onse adzayang'ana khomo limodzi. Apo mpamene mfumu idzaoneke. Funsani umboni monga mukadafunsira pa munthu wina ali yense. Phungu anene kumene munthu wache anali usiku umenewo ngati adziwa, ndipo ngati sadziwa anene kuti sindidziwa. Ukapezeka umboni, mpereke ku polisi, pakuti kulandira munthu sikutanthauza kumbisa. Koma kumenya, kutentha nyumba, kapena kupha munthu pomganizira chabe ndi mlandu waukulu, ndipo ochita izi ndiwo adzakagona pa malo amene iye anasiya ku Maula. Letsaninso ana kumuitana kuti kaidi. Dzina lache analandira kwa makolo ache, ndipo ku ndende sanalisiye.

Amene muli ndi mbale m'ndende, pitani mukafunse kwa akulu a ndendeyo mwezi umene adzatuluke, ndipo mukauze mfumu yanu nthawi ikalipo. Polawira, mfunseni mkaidiyo kumene afuna kukafikira, ndi amene afuna kuti adzamchingamire pa chipata.